Boti la Madala pa nyanja ya Chivero, kwa ofuna kujambula mphipi

Anzanga ojambula akhala akundifunsa kuti zithunzi zanga za mphipi, mbalame zomira m'madzi posaka nsomba, ndinazitenga bwanji, ena mpaka kuganiza kuti ndagula lenzi yatsopano. Lenzi ndi yomwe ija, Sigma ya 150-600mm pa Canon 7D Mark II, zonse zogula kwa munthu. Chimene chinasintha n'chakuti ndinaleka kujambula nditaima pagombe, ndinayamba kulipira boti la mkulu wina amene amayendetsa anthu pa nyanja ya Chivero, kufupi ndi Harare ku Zimbabwe. Ndiye ndati ndilembe za ntchito yawoyo mwatsatanetsatane, zokoma ndi zoperewera zomwe, kuti amene akufuna kutulutsa ndalama adziwiretu chimene akugula.

Ine ndimadyera maukwati, zinkhoswe ndi miyambo yovundukula ziliza, kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, ndi kulikonse kumene andiitana. Za mbalame palibe amene amandilipira. Dola iliyonse imene ndapita nayo kunyanja yachoka pa ndiwo za ana, choncho sindingatamande munthu chifukwa choti tinacheza naye bwino basi.

Dzina lawo sindilemba pano chifukwa sindinawapemphe. Pagombe aliyense amangoti Madala. Anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Norton, ndipo bambo awo anachokera ku Mangochi m'nthawi ya Chitaganya, pamene anthu akwathu ankakhamukira kuno kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Chichewa chawo n'chosakaniza ndi Chishona monga tonsefe obadwira kuno, koma akayamba kukamba za madzi ndi nsomba mumamva kuti munthuyu analeredwa ndi mwana wa kunyanja. Anakhala msodzi zaka zambiri asanayambe kunyamula alendo. Ambiri amene amakwera boti lawo ndi owedza ndi mbedza, ojambula mbalame ndife owerengeka.

Kwa amene simunafikeko, Chivero ili pa mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 30 kuchokera pakati pa Harare. Mumatenga msewu wa ku Bulawayo n'kukhota musanafike ku Norton. Inapangidwa mu 1952 atatseka mtsinje wa Manyame, ndipo kale inkatchedwa McIlwaine. Madzi ambiri a m'mipopi ya mumzinda muno amachokera m'menemu kudzera ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray. Mu 2013 inalembedwa m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse la Ramsar. Tsidya la kummwera kuli malo osungirako nyama, pomwe tsidya la kumpoto ndi kumene kuli magombe ambiri ndi makalabu a maboti. Madala amakocheza kumpotoko.

Boti lenilenilo silingakukopeni. Ndi la faiba, lakalekale, penti inasuwa, lili ndi kainjini ka mahosipawa 15, nkhafi ziwiri ndi mtengo wautali wokankhira m'malo osaya. Koma pansi pake ndi pophwatalala ndipo m'mbali ndi mofupika, ndiye kwa wojambula zimenezi n'zofunika kuposa penti. Mukakhala pansi penipeni n'kutsamiritsa lenzi m'mphepete mwa boti, kamera imakhala chapafupi ndi madzi. Mphipi ikamasambira thupi limakhala lomira, chimaoneka ndi kamsana, khosi ndi mutu. Mukaijambula muli pamwamba, monga pa maboti aakulu a zisangalalo aja, mumangopeza kadontho kakuda pakati pa madzi. Mukatsika kufika pa msinkhu wake, diso lake limayang'anizana ndi lanu, zakumbuyo zimasungunuka bwino, ndipo woona chithunzi amamva kuti mbalameyo ili ndi moyo. Tripod, miyendo itatu yoimikapo kamera ija, musavutike kunyamula, chifukwa kugwedezeka konse kwa boti imakupatsira kamera. Ine ndimatenga kathumba kodzaza nyemba zouma kotsamiritsapo lenzi. Madala ataona mmene ndimakhalira, ulendo wotsatira ndinapeza aikamo pilo wakale wokutidwa ndi pulasitiki, poti pansi pa boti m'mawa pamazizira komanso sipalephera timadzi.

Botili limanyamula anthu 4, koma ojambula salola kupitirira 2. Zimawadulira ndalama, ndikudziwa, koma anaona okha kuti mmodzi akangotembenuka, mnzake chithunzi chamuthawa.

Chimene ndimalipirira kwenikweni ndi mmene amazifikira mbalame. Injini amaizimitsa tikadali kutali, n'kutenga nkhafi. Sapalasa molunjika kumene zili. Amadzera chammbali ngati alibe nazo ntchito, akusendera pang'onopang'ono, ndipo pofika pafupi nkhafi amaiika pansi, mphepo n'kumatikankha yokha. Mphipi imene yakhala pa mwala ikatalikitsa khosi n'kuyamba kucheukacheuka, amaimitsa boti pomwepo ndi mtengo uja. Timadikira, opanda wolankhula. Ikabweza khosi n'kuyambiranso kudzikonza nthenga, timasenderanso. Nthawi zina kufika pamene ndikufuna kumatenga mphindi 15, ndipo sindinawaonepo akunyinyirika kapena kuyang'ana wotchi.

Amadziwanso mbali yofikira, ndipo apa ndi pamene pagona luso lawo lonse. M'miyezi yopanda mvula mphepo ya kuno kawirikawiri imachokera chakum'mawa, komwenso kumatulukira dzuwa. Mphipi ndi mbalame yolemera, siingangoti nyamu pamadzi. Imayamba yathamanga pamwamba pa madzi, ikumenya ndi mapazi onse awiri pamodzi, ndipo imanyamuka moyang'anizana ndi mphepo. Ndiye Madala amazungulira patali kuti tikakhale kum'mawa kwa mbalame. Dzuwa kumsana kwathu, mphepo kumsana kwathu, boti likusendera lokha popanda phokoso, ndipo mbalame ikati iuluke imabwera chakwathu, nkhope ikuwala, madzi akuwazika kumbuyo kwake. Kamera sanaigwirepo, buku la kujambula sanaliwerengepo. Zimenezi anaziphunzira potchera maukonde, pamene kudziwa mphepo kunali kudziwa ngati ubwerera kunyumba ndi nsomba. Mphepo ikatembenuka iwonso amasintha, ndipo amakuuzani chilungamo kuti lero dzuwa ndi mphepo sizikugwirizana, sankhani chimodzi.

"Achimwene, konzekani, yapakatiyo inyamuka," amatero motsitsa mawu.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Kodi Madala, mumadziwa bwanji?"

"Mukaona yaponya chitosi n'kuweramira kutsogolo, basi yatsanzika imeneyo."

Nthawi zambiri zimachitikadi momwemo, ndipo kasekondi kamene amandipatsako ndi kamene kamasiyanitsa chithunzi cha mbalame ndi chithunzi cha mchira wa mbalame.

Pa Chivero pali mphipi za mitundu iwiri. Yaing'ono, imene m'mabuku a mbalame mudzaipeza kuti reed cormorant, ndi yotalika masentimita 50 kapena kupitirira pang'ono, mchira wake ndi wautali, ndipo yokhwima ili ndi diso lofiira. Imakonda m'mbali mwa bango ndi m'madzi osaya, imasaka yokha kapena ndi zinzake zochepa. Yaikulu, white-breasted cormorant, imayandikira mita imodzi, khosi ndi chifuwa zoyera, diso lobiriwira, kakhungu kachikasu patsinde pa mlomo. Iyi imapita ndi m'madzi akuya omwe, ndipo imakhala m'magulu pa miyala ndi m'mitengo youma imene yayera mbee ndi zitosi. Amene munafikako ku Mangochi mukudziwa mmene chilumba cha Boadzulu chimayerera chapatali. Ndi mbalame yomweyi. Madala ku Malawi sanapondeko, koma chilumbacho amachikamba ngati anakulira pomwepo, chifukwa cha nkhani za bambo awo. Amati asodzi akale sankazikonda mphipi poti zimawalanda nsomba, koma ankaziyang'anitsitsabe, chifukwa pamene zasonkhana m'mawa ndi pamene pali nsomba.

Mbalame ina yomira, imene kwa ine imaposa zonse kukongola, ndi African darter. Anthu ambiri amaisokoneza ndi mphipi. Mlomo wa mphipi uli ndi kangowe kunsonga kokolera nsomba, pomwe wa darter ndi wosongoka, ndipo nsomba imachita kuibaya. Ikamasambira thupi lonse limamira, pamwamba n'kutsala khosi lokhalokha lopyapyala, moti mungalumbire kuti mwaona njoka. Ikavuuka ndi nsomba yobayidwa kumlomo, imaigwedeza kuti isololoke, kuiponya m'mwamba, n'kuiwakha kuyambira kumutu kuti minga ya pamsana isaime pakhosi. Zonsezi zimatha m'kuphethira kwa diso. Kamera yanga imajambula zithunzi 10 pa sekondi, koma ngakhale zili choncho, nsomba ili m'malere, mlomo uli yasa, diso likuoneka bwino, zimakumana mwa apo ndi apo. Chithunzi changa chimene ndimachinyadira kwambiri ndi cha darter yaimuna, mzere woyera wa m'mbali mwa khosi ukuwala, kansomba kakang'ono ka brimu katatembenuzika pamwamba pa mlomo. Tinaidikira darter imeneyo pafupi ndi chitsa china chomira, chimene Madala anati imabwerapo m'mawa uliwonse.

Vuto la mbalame zomira n'lakuti simudziwa pamene zivuukire. Mphipi imadumpha pang'ono isanamire, n'kukhala pansi masekondi angapo, kawirikawiri osafika miniti. Wojambula diso lili mu kamera, akuona kachigawo kakang'ono ka madzi, ndipo akamadzaipeza mbalame imakhala yameza kale. Apa Madala ndi amene amandionera. Amayang'ana kumene mbalame inaloza mutu pomira, timathovu tobwera pamwamba, ndi tinsomba tikayamba kudumpha pothawa. "Kumanja, pafupi ndi namasupuni uyo." Ine n'kulozetsa lenzi pamenepo, fokasi n'kuikonzeratu pa tsamba loyandama. Salondola nthawi zonse, palibe angatero, koma amalondola kokwanira moti ndinaleka kuchotsa diso mu kamera kuti ndidzisakire ndekha.

Nthenga za mphipi ndi za darter zimalowa madzi, mosiyana ndi za bakha. Zimenezi zimazithandiza kumira mosavuta chifukwa sizisunga mpweya wambiri, koma zikatha kusaka zimayenera kukwera pa mwala kapena pa chitsa, mapiko tambasu, mpaka ziume. Woyamba kumene kujambula ayambire apa, chifukwa mbalame imakhala malo amodzi nthawi yaitali. Koma ndi nthawinso imene siifunika kuvutitsidwa. Yanyowa, m'mawa wa June kukuzizira, ikaulutsidwa imabwerera m'madzi ndipo kuuma konse kuja kwapita pachabe. Madala sagogoda boti kapena kuwomba m'manja kuti mbalame iuluke, ngakhale mutawapempha. Ndinaona ndi maso anga mlendo wina amene tinakwera naye akuwapempha zimenezo, iwo n'kungoyankha kuti, "Iuluka yokha ikafuna, bambo." Chimodzimodzi ndi mitengo ya zisa. Amaima patali, chifukwa makolo akathawa pa zisa, akhwangwala amatsika nthawi yomweyo kudzatola mazira, ndipo tiana timene tatsala pa dzuwa sitichedwa kufooka. Ndi lenzi ya 600mm mudzapezabe kanthu kuchokera pamene akuimikanipo.

Anzanga a maukwati, vuto la kuwala pa mphipi mukulidziwa kale, ndi lomwe lija la suti yakuda ya mkwati itaima pambali pa diresi loyera la mkwatibwi. Mbalame yakuda pa madzi owala imanamiza kamera. Mukaisiya isankhe yokha, imadetsa mbalame n'kutsala mthunzi wopanda nthenga. Pa mphipi yaing'ono ndimawonjezera kuwala ndi sitepe imodzi kapena kucheperako. Pa yaikulu ndimasamala, chifukwa chifuwa choyeracho chimapsa msanga, ndipo chikapsa simungachibweze pa kompyuta. Ndimajambula RAW (zithunzi zosakonzedwa ndi kamera), pa manual (ndikusankha zonse ndekha), shutter (liwiro lojambulira) 1/2000 ya sekondi mbalame ikamanyamuka kapena ikamalimbana ndi nsomba, ndi 1/800 ikakhala pa mwala, poti boti silikhala phee ngakhale mbalame itakhala. Lenzi yanga pa 600mm imatsegula kufika f/6.3 basi, kutanthauza kuti imalowetsa kuwala kochepa, ndiye m'mawa ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, imakwera mpaka 1600 kapena 3200. Ndimailola ikwere, timchenga ta pa chithunzi timachotsedwa koma kugwedezeka kulibe mankhwala. Ndipo mphipi si yakuda chabe monga amaionera anthu a pagombe. Dzuwa la m'mawa likaimenya chammbali, pamapiko a yaing'ono pamatuluka timabala totuwa ndi takuda, pomwe pamsana pa yaikulu nthenga iliyonse ndi yamkuwa yokhala ndi mkombero wakuda. Ikangokwana 9 koloko zonsezi zimasowa, madzi amayamba kuthobwa m'maso.

N'chifukwa chake Madala amafuna mufike pagombe kusanache. M'mwezi wa June dzuwa limatuluka cha m'ma 6:30, mu October cha m'ma 5:30. Makombi, maminibasi a kuno, sangakufikitseni nthawi imeneyo, komanso kuchokera pa msewu waukulu kukafika kumadzi ndi kamtunda ndithu, choncho pezani galimoto kapena gawanani mafuta ndi mnzanu. June ndi July ndiyo miyezi imene ndimaikonda. Pamadzi pamakhala chifunga, nyanja ili bata, ndipo mphipi itakhala pa chitsa chifunga chikuyera kumbuyo kwake ndi chithunzi chimene simungachipange ndi pulogalamu iliyonse. Valani zofunda zenizeni ndi magolovesi, zala zikauma ndi chisanu simungathe kutembenuza mabatani. August ndi wa mphepo, boti limavina. October kumatentha msanga ndipo mpweya wa pamwamba pa madzi umayamba kunjenjemera, zithunzi zakutali n'kumatuluka zofewa ngakhale fokasi ili bwino.

Zina zomira mudzazionanso. Pali kambalame kakang'ono kofanana ndi kabakha, little grebe, kamene kamamira mwakachetechete moti mumangoona mkombero pamadzi. Pali pied kingfisher imene imaima malo amodzi m'malere ikukupiza mapiko kenako n'kudzigwetsa chamutu. Nkhwazi nazonso zilipo, ndipo sizichita manyazi kulanda nsomba imene mphipi yaivutikira.

Pa nkhwazi pomwepa ndi pamene ine ndi Madala timasiyana maganizo. Amanyamula tinsomba tingapo kuti aziponyera nkhwazi, itsike pafupi ndi boti alendo ajambule. Zimachitika m'malo ambiri, ndi ku nyanja ya Malawi komwe, ndipo alendo amasangalala nazo. Ine sindizifuna. Nkhwazi yozolowera kulandira kwa anthu imayamba kutsata maboti, ndipo chithunzi chotere aliyense ali nacho chofanana. Ndinawauza mwaulemu, sanakhumudwe, ndipo sanabwerezenso ndili m'botimo. Koma dziwani kuti mukapanda kunena adzachita, poganiza kuti akukukomerani mtima.

Zoperewera zilipo, ndipo chachikulu ndi majekete oyandamitsa. Ali nawo, ndipo sanyamuka musanavale, izi ndikuwayamikira. Koma ena mwa majeketewo ndi okalamba, zingwe zomangira zinatha, lina amachita kulimanga mfundo. Pa nyanja iyi nkhani imeneyi si yoseweretsa. Pa Khirisimasi ya 2011 boti lodzaza mopitirira muyeso linagubuduka pa Chivero pomwepa, ana 11 n'kumwalira, ndipo ambiri mumzinda muno timakumbukirabe. M'madzimu mulinso ng'ona. Ndinawauza Madala maso ndi maso kuti agule atsopano, anavomera kuti n'zoona, koma kufikira ulendo wanga womaliza anali asanasinthe. Ine ndinagula langa. Ngati mukubwera ndi mwana, bwerani ndi jekete la msinkhu wake, chifukwa la ana alibe.

Boti lilibe denga, ndiye chipewa ndi madzi akumwa ndi zanu. Mulibe malo ouma osungira zipangizo, tengani chikwama chosalowa madzi kapena chidebe cha chivundikiro. Foni yawo nthawi zambiri imakhala yozima chifukwa kumene amakhala magetsi ndi ovuta, ndipo pa WhatsApp amatha kuyankha patapita tsiku lathunthu. Panganani masiku angapo m'mbuyo, n'kuwaimbiranso madzulo ake. Mukapangana, pagombe mudzawapeza afika kale. Loweruka ndi Lamlungu pewani ngati mungathe, chifukwa dzuwa likangokwera maboti a liwiro amayamba kudutsa, nyimbo kuli kuphulika, mafunde ake n'kumabalalitsa mbalame zimene mwazisenderera theka la ola. Limeneli si vuto la Madala, koma ndalama yanu imagula zambiri pakati pa sabata. Mayina a mbalame a m'mabuku sawadziwa, amazitchula m'Chichewa kapena m'Chishona, kapena kungofotokoza maonekedwe. Ngati mukufuna wokuphunzitsani mayina ndi kulemba mndandanda, yendani ndi a BirdLife Zimbabwe, amakhala ndi maulendo oona mbalame kuzungulira Harare, ndi ku Chivero komwe.

Ndiye pali nyanja yeniyeniyo, imene ikudwala, ndipo sindingakutumizeni kumeneko osakuuzani. Zonyansa za m'masuweji a Harare ndi Chitungwiza zimatsika ndi mitsinje ya Mukuvisi, Marimba ndi Manyame n'kudzathera m'menemu. Zimenezi ndi manyowa kwa namasupuni, amene amatha kutseka gombe lonse boti osadutsa, komanso kwa ndere yobiriwira ija yotchedwa cyanobacteria, imene imatulutsa poizoni. Mu December 2024 a ZimParks, bungwe la boma loona za nyama zakutchire, analengeza kuti zipembere 4, mbidzi 3, nyumbu 4 ndi nkhwazi 4 zafa chifukwa cha madzi amenewa, nsomba zambirimbiri zinayandama zakufa, ndipo usodzi unaletsedwa. Kwa Madala, amene makasitomala awo ambiri ndi owedza, imeneyo inali njala. Kwa mphipi, zimene chakudya chake ndi nsomba basi, sindifunika kufotokoza. M'malo ena madzi ndi obiriwira bii ndipo amanunkha, makamaka kukatentha. Madala amadziwa kumene kwayerako tsiku limenelo malinga ndi kumene mphepo yakankhira ndere, ndipo amakupititsani kumeneko. Komabe musasambe m'manja m'nyanjamo kenako n'kugwira chakudya, ndipo lenzi ikadonthera muipukute ndi madzi a m'botolo.

Pa kompyuta n'zotheka kusintha madzi obiriwirawo akhale abuluu. Ine ndinaleka kutero. Madzi amenewa ndi omwe ana anga amamwa akadutsa m'makina, ndipo ndimafuna woona chithunzi aone mmene mbalamezi zikukhalira.

Chinanso chimene chimandipweteka mtima ndi maukonde a nayiloni otayidwa ndi osodza mozemba. Saoneka m'madzi, saola, ndipo mbalame yomira ikakodwa siingathe kubwera pamwamba kudzapuma. Darter ndi imene imavutika kwambiri, chifukwa m'mphepete mwa mlomo wake muli timano ting'onoting'ono, ulusi ukakulunga pamenepo suchoka, mbalame n'kufa ndi njala ili pa mtengo. Madala amayenda ndi mpeni. Akaona ukonde wotayidwa amandipempha kaye, "Achimwene, pepani, ndikudyerani mphindi zanu pang'ono," n'kuukokera m'boti. M'mawa wina tinapezamo mphipi yaing'ono ikadali moyo, phiko limodzi litakulungidwa. Anaiphimba kumutu ndi chipewa chawo kuti isajomphe, poti mphipi imalunjika m'maso, ine n'kugwira thupi, iwo n'kumadula ulusi umodziumodzi. Titaisiya inasambira chamwala, inakwera, n'kutambasula mapiko onse awiri. Nthawi imene inatha pamenepo anaiwonjezera kumapeto osandilipiritsa.

Mtengo umene ndakhala ndikulipira ndi madola 50 a ku America pa ulendo wa m'mawa, kuyambira kusanache mpaka cha m'ma 9 koloko, mafuta ali momwemo. Mukakhala awiri mumagawana, aliyense 25. Amakonda ndalama ya m'manja, ndipo bwerani ndi yokwanira ndendende chifukwa chenje alibe. Ndalama yolowera pa geti ndi yapadera ndipo imasinthasintha, funsani powaimbira, mufunsenso nthawi imene geti amatsegula. Kwa munthu wa ku Mufakose madola 50 si masewera. Ngati mukungoyamba kumene, kapena lenzi yanu siyifika 300mm, musathamangire boti. Yambani mwaphunzira pagombe, ngakhale pa Cleveland Dam kum'mawa kwa mzinda, kumene mphipi zazing'ono zimapezekanso, mpaka dzanja lizolowere kutsata mbalame ndi kuwerenga kuwala pa nthenga zakuda. Koma ngati zimenezo mukuzitha ndipo mwatopa ndi timadontho takuda takutali, boti la Madala ndi loyenera ndalama yake, ndipo ine ndipitirizabe kukwera.

Mukafika tsidya la kumpoto funsani asodzi kapena alonda za mkulu wa Chinyanja amene amanyamula ojambula mbalame, akulozerani. Nyamulani mabatire awiri chifukwa chisanu chimawamaliza msanga, khadi lopanda kanthu, jekete lanu loyandamitsa, ndi tiyi wa mu fulasiki wokwanira anthu awiri, poti iwo amadzuka 4 koloko kudzakonza boti ndipo kawirikawiri amakhala asanalawe kanthu.